Chotupa chofiira cha khanda sachitema mphini

Dzinja lino m'masikelo a kumidzi kuno ku Mangochi tikuona makanda okhala ndi zilonda zomwe sadabadwe nazo. Kadontho kofiira kamatuluka pankhope kapena pamutu mwana ali ndi milungu yochepa, nkuyamba kutukumuka. Akuluakulu amati katemedwe mphini kuti magazi oipa atuluke.

Mulibe magazi oipa m'menemo. Chotupachi, chomwe madokotala amati hemangioma, ndi timitsempha ta magazi tochulukana pamalo amodzi. Si khansa ndipo palibe wamulodza mwana. Chimakula msanga miyezi 5 yoyambirira, kenako chimaima, nkumaphwa chokha pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Mukachitema ndi lumo, magazi amavuta kuleka. Mukapakanso phulusa, bala limachita mafinya ndipo kafumbata amapeza polowera. Chipsera chake mwana adzakula nacho, pomwe chotupacho chikadazilala. Takhala tikunena izi pasikelo, koma lumo likutulukabe.

Mlimi wina wa ku Namwera adagulitsa mbuzi kulipira mphini za mwana wake wamkazi. Bala litavuta, mayi adakagona kuchipatala nyengo yopalira, munda nkulowa udzu. Mayiwo adati: "Achikulire, chinkakula ngati bowa, tikadangokhala bwanji?" Manthawo ndi omveka, ndipo thandizo lake lilipo.

Mu 2008, madokotala a ku Bordeaux ku France adalengeza kuti makanda omwe ankawapatsa propranolol, mankhwala a mtima ndi BP, chifukwa cha vuto la mtima, zotupa zawo zofiirazi zidayamba kuphwa. Mankhwalawa amachepetsa kugunda kwa mtima ndipo amafinya timitsempha ta m'chotupamo. Dziko la America lidawavomereza pa ntchitoyi mu 2014. Koma musatenge mapiritsi a BP a agogo nkuphwanyira khanda. Propranolol amatha kutsitsa shuga m'magazi ndi kubanikitsa mwana, nchifukwa chake mlingo amayeza ndi dokotala potengera kulemera kwake, ndipo amamwa atayamwa.

Zambiri mwa zotupazi sizifuna mankhwala. Muonetseni mlangizi wa zaumoyo pasikelo. Chikakhala pachikope, pamphuno, pamlomo kapena kumaliseche, chikachita chilonda, kapena mwana akamapuma movutika, pitani ku chipatala cha boma cha Mangochi msanga, chisanakule. Kukafunika, akutumizani ku Queens ku Blantyre. Chikamatuluka magazi, dinikizani ndi nsalu yoyera mpaka mukafike.