Pososa chaka chino, machesi asiyeni kunyumba

Alimi anzanga a ku Jali, Mayaka, Thondwe ndi Chingale, funso limene limabwera kawirikawiri pamisonkhano yathu ndi lakuti: kodi utsi wa mapesi a m'munda umodzi ungasinthe nyengo? Funso labwino ndithu. Africa yense amatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wa carbon dioxide wosafika 4 pa 100 alionse a dziko lapansi, ndipo wambiri mwa umenewu kuno kummwera ukuchokera ku South Africa, kumene magetsi amapangira malasha. Otsogola enieni ndi China ndi United States. Malawi gawo lake ndi lochepetsetsa, ndipo limachokera kwenikweni ku ulimi, kudula mitengo, makala ndi moto wolusa.

Komabe zikavuta timalira ndife. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2018, ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 palibe amene wamuiwala. Mafakitale a kunja sitingawatseke tili pano, koma moto wa m'munda mwathu uli m'manja mwathu, ndipo umayamba kutipweteka eni ake usanafike kumwamba.

Mukatentha mapesi, chakudya cha mbewu chija timagula modula m'thumba la Urea chimauluka ndi utsi. Phulusa lotsala mphepo imatenga. Nthaka imakhala pamtetete kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, dzuwa likuiwamba, ndiye mvula yoyamba ikagwa madzi salowa, amangokokolola dothi kupita nalo mu Likangala.

Chitani izi m'malo mwake. Mukakolola, gwetsani mapesi ndi kuwayala m'munda monse, osawaunjika malo amodzi. Onjezerani masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo. Kukachita ng'amba mu Januwale, kavundukuleni pang'ono mupise dzanja pansi: mupeza dothi lozizira, lachinyezi, pomwe pa munda wotenthedwa chimanga chapinda kale masamba.

Ambiri mumadandaula za chiswe. Chiswe chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo, chikasowa ndi pamene chimakonda kugwira chimanga chili chiimire. Mapesi amene anagwidwa ndi matenda kapena kapuchi ndiwo musayale. Aponyeni m'dzenje la kompositi pamodzi ndi ndowe, phulusa la kukhitchini ndi madzi pang'ono, awolere momwemo. Vuto lalikulu, kunena zoona, ndi anyamata osaka mbewa ndi mbuzi zongotayirira. Izi munthu mmodzi sangathane nazo. Kambiranani ndi amfumu kuti pakhale lamulo la mudzi, ndipo lambulani m'malire mwa munda kuti moto wa kwina usalowe.

Feteleza nayenso ali ndi mbali yake. Mukathira Urea m'munda modikha madzi, wina amasanduka nitrous oxide, mpweya wotenthetsa dziko kuposa carbon dioxide koposa ka 250. Dikirani madzi atsike, boolani kadzenje pambali pa phando, thirani, kwirirani.

Amene muli ndi malo, dzalani gilirisidiya, mtengo wowonjezera chonde m'nthaka, pakati pa chimanga. Ku Makoka, pafupi ndi Thondwe, akatswiri akhala akuyesa njirayi kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo chimanga chimabereka kuposa cha m'munda wopanda mitengoyi. Mbande zake fesani mu Seputembala kapena Okutobala, kuti mvula ikakhazikika zikhale zofika powokera.