Kupeza Pamene Pagona Kulemera kwa Boti Musanalikweze pa Makina

Boti likakhala pamadzi limabisa zambiri, chifukwa madzi amaligwira thupi lonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Mukangolikweza pa makina okwezera maboti, kulemera konseko kumatsamira pa mitanda iwiri kapena pa malamba awiri okha, ndipo ngati boti lakhala molakwika, zingwe za mbali imodzi zimasenza katundu woposa mphamvu zake pomwe za mbali inayo zikungolendewera. Nkhani yonse ndi yopeza malo amene kulemera kwa boti kumakumana, ndi kuonetsetsa kuti malowo agwera pakati penipeni pa mitanda iwiriyo.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi choti munthu amatenga tepi, n'kuyeza kutalika kwa boti, n'kugawa pawiri, kenako n'kunena kuti wapeza pakati. Yesani kugoneka khasu pa chala chimodzi: silikhazikika pakati pa mpini, limakhazikika kufupi ndi kumutu kumene kuli chitsulo. Boti la injini yapambuyo lili chimodzimodzi. Injini, mabatire, ndipo nthawi zambiri thanki ya mafuta zimakhala chakumbuyo, komanso thupi la boti limakhala lotakata kumbuyo n'kumasongoka kutsogolo, motero kulemera kumagona chakumbuyo kwa pakati. Ndi chifukwa chake boti lokhala bwino pa makina limaoneka ngati mphuno yake yatulukira kwambiri, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa.

Poyambira pabwino ndi kwa amene anapanga botilo. Maboti ambiri opangidwa kufakitale amakhala ndi zizindikiro m'mbali zosonyeza podutsa malamba, ndipo buku la malangizo a boti kapena chojambula cha mapangidwe ake chimatha kusonyeza malowa. Komabe kumbukirani kuti zizindikirozo zinaikidwa boti lili momwe linatulukira. Ngati munasintha injini n'kuika yolemera, kapena munawonjezera thanki ina, malo aja anasuntha.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya sikelo, chifukwa imapereka nambala osati malingaliro. Boti limapachikidwa pa malamba awiri, aliyense ali ndi sikelo yake yolendewera, ndipo liyenera kukhala lowongoka, malambawo atatsika chilili osapendekeka. Tiyerekeze kuti pakati pa malamba pali mamita 3, sikelo ya kutsogolo yawerenga makilogalamu 400, ya kumbuyo yawerenga makilogalamu 800. Kulemera konse ndi makilogalamu 1,200. Chulukitsani 400 ndi 3, mupeza 1,200, ndipo mukagawa ndi kulemera konse mupeza 1. Tanthauzo lake ndi lakuti kulemera kwagona mita imodzi kutsogolo kwa lamba wa kumbuyo, osati mita imodzi ndi theka monga maso akanakuuzani. Kuti masikelo onse awiri awerenge 600, malamba onse ayenera kusunthira kumbuyo ndi theka la mita. Masamu omwewa amagwira ntchito boti likakhala pa ngolo yake, poyeza kulemera kwa pa matayala ndi kwa pa chokokera, koma ngoloyo iyenera kuyezedwanso ili yopanda kanthu kuti kulemera kwake kuchotsedwe pa malo onse awiri.

Boti laling'ono la pansi pafulati mutha kuliyesa poligoneka pa paipi yolimba pamalo osalala, n'kumalikankha pang'onopang'ono mpaka litafika poti dzanja limodzi likutha kulipendeketsa kutsogolo kapena kumbuyo. Pamene pali paipi ndi pomwepo. Njira imeneyi musaiyese pa boti lalikulu, chifukwa kulemera konse kukatsamira pamalo amodzi thupi la boti likhoza kung'aluka.

Tsopano pali chinthu chimene ambiri amachiiwala, ndipo ndikupempha kuti muchisamale: malo a kulemera sakhala pamodzimodzi tsiku lililonse. Lita imodzi ya madzi abwino imalemera kilogalamu imodzi, lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 740, ndipo ya dizilo pafupifupi magalamu 840. Thanki ya malita 200 a petulo ikadzaza, ndiye kuti mwawonjezera makilogalamu pafupifupi 150 pamalo amodzi. Nangula ndi tcheni chake zimakokera kutsogolo. Madzi a mvula otsalira pansi pa boti ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa boti likangopendekeka pang'ono madziwo amathamangira kumene kwatsika, n'kuwonjezera kupendekekako. Choncho yezani boti lili ndi katundu amene limakhala naye masiku onse, popani madzi onse musanakweze, ndipo powerengera ngati makina angakwanitse, phatikizani mafuta, madzi ndi zida zonse, osati kulemera kwa boti lokha kolembedwa m'buku.

Mukafika pokweza, musafulumire. Anthu onse atuluke m'boti, ndipo pasakhale wina woima pansi pake. Kwezani mpaka mitanda itangoligwira ndi kulitukula pang'ono, kenako imitsani makina muyang'ane. Ngati kumbuyo kukuchedwa kutuluka m'madzi, ngati mota imodzi ikulira movutika kuposa inzake, kapena ngati chingwe china chaumiratu pomwe china chikugwedezeka mosavuta, tsitsani boti, lisunthireni pang'ono kumbali imene yapepukidwa, muyesenso. Kubwereza katatu kapena kanayi si kutaya nthawi. Yang'ananinso kumanja ndi kumanzere, chifukwa batire kapena thanki yokhala mbali imodzi imapendeketsa boti, ndipo msana wa boti, womwe ndi mzere wapakati wa kunsi kwake, uyenera kugwera pakati pa matabwa a makina olandirira boti.

Pogwiritsa ntchito malamba, onetsetsani kuti sakudutsa pa shafiti ya pulopela (chitsulo chozunguza mapiko okankha madzi), pa chiwongolero cha m'madzi, kapena pa zida zoyezera zimene zili kunsi kwa boti. Lamba wa kutsogolo amakonda kuterereka pamene thupi la boti layamba kupindikira m'mwamba, choncho mumangirireni kwa mnzake wa kumbuyo ndi chingwe mbali zonse ziwiri.

Malo oyenera akapezeka, ikani kachizindikiro ka penti kapena tepi yosamatuka m'mbali mwa boti, ndi kena pa mzati wa makina, kuti aliyense wolowetsa boti azingolunjikitsa ziwirizo ngakhale kuli mdima kapena mphepo. Lembani m'buku la boti tsiku limene munayeza, kuchuluka kwa mafuta amene anali m'thanki, ndi manambala a masikelo. Tsiku limene mudzasinthe injini, thanki kapena malo a mabatire, fufutani chizindikiro chakale muyezenso.