Mmene ndimamvetsera nyimbo zoiwalika za ku Poland ndi ana a kwaya

Ndimaphunzitsa kwaya ya achinyamata ku Kapata, kuno ku Chipata. Loweruka tikamaliza kuyeserera, timamvetsera makonsati a okestra (gulu lalikulu loimba ndi zida zosiyanasiyana) ya achinyamata anzawo a ku Poland amene akudzutsa nyimbo zomwe zinagona m'mapepala zaka zambiri. Ngati mukufuna kuyesa, chitani motere.

Koperani konsatiyo pa YouTube usiku, intaneti ikamayenda bwino. Musadalire sipika ya foni, imameza mawu a pansi onse. Bwerekani yaikulu.

Musanayatse, auzeni anawo chomwe chinaiwalitsa nyimbozi. Kuyambira 1795 mpaka 1918 dziko la Poland kunalibe pa mapu, Russia, Prussia ndi Austria atagawana. Mu 1944 mzinda wa Warsaw unawonongedwa, mapepala ambiri a nyimbo n'kupsa. Akamva zimenezi amakhala chete okha.

Ine ndimayamba ndi nyimbo za wopeka nyimbo Mieczysław Karłowicz, amene anafa mu 1909 ali ndi zaka 32, chipale chofewa chitamugumukira m'mapiri a Tatra. Nyimbo zake n'zachisoni, zimalowa msanga mumtima. Zygmunt Noskowski, mphunzitsi wake, abwere pambuyo.

Mwana aliyense mupatseni choimbira chimodzi choti atsate: wina vayolini, wina lipenga, wina ng'oma. Wa ng'oma amadandaula kuti akudikira nthawi yaitali, msiyeni adikire.

Simfoni, nyimbo yaitali ya okestra, kawirikawiri imakhala ndi magawo anayi. Oimba akapuma pakati, musaombe m'manja. Mwalandira kale chenjezo, poti ana anga anaomba mpaka nthungululu tsiku loyamba.