Malangizo opangila ethanol wa chinangwa kapena chimanga

Aya ni malangizo opangila ethanol wa fuel amene amabwela ndi mapaketi awili a ma enzyme, mankhwala osungunula phala la unga, nawaika mu Chinyanja chifukwa ambili mukaona chizungu chothinana pepala mumakolezela mbaula. Choyamba mudziwe kuti yisiti siidya sitachi imene ili mu unga, imadya shuga chabe, ndiye nchito yonse ya mapaketi awiliwa ni kusandutsa sitachi kukhala shuga. Amene munaonapo amai akuika mizu ya munkoyo muphala lolimba ilo nkusungunuka, mwamva kale nkhani yake, ni zomwezo.

Chinangwa, kaya mumati tute monga anzathu a ku Mansa ndi Kawambwa, mukakumba musachigoneke, pakapita masiku awili atatu chayamba kale kuda mkati. Sendani, tsukani, dulani tizidutswa muyanike chiume gwa, kenako kuchigayo. Chimanga nacho mugayise. Unga wa makilo 25 ufuna madzi pafupifupi malita 75.

Phikani phala muli kuvundula, likafika madigili 85 mpaka 90 a Celsius thilani paketi yoyamba ya alpha-amylase pa muyezo olembedwa papaketipo. Apa mudzaona zodabwitsa, phala limene mthiko unali kukanika kuyenda mphindi zochepa chabe lasanduka madzimadzi. Lisungeni lotentha choncho ola limodzi kapena kupitilila pang'ono. Manje phulani lizizile kufika 60 ndiye muthile yachiwili, glucoamylase. Musafulumile, mukathila likali lowila mwaipha ndipo ndalama yapita. Gulani thermometer, zoyesa ndi chala izi ayi.

Thilani phalalo mudilamu, yisiti ilowa likazizila kufika madigili 30 mpaka 32. Tsekani dilamu bwinobwino koma muike kapaipi kotulutsa mpweya, nsonga yake ilowe mubotolo ya madzi, mudzamva kubwibwita usiku onse. Masiku awili kapena atatu thovu likaleka ndiye kuti zapsa. Dilamu ikhale pamthunzi maka mu Okutobala, ikatentha kwambili yisiti imafooka, ndipo dilamu yosatsuka imakupatsani zowawasa m'malo mwa ethanol.

Kutcheza ni monga kachasu koma kwa fuel mufunika chotchezela cha paipi yaitali yoimilila. Ethanol amawila pa 78, madzi pa 100, ndiye moto ukhale wapang'onopang'ono. Zikayenda bwino makilo 25 aja akupatsani malita pafupifupi 10. Olo mubweleze kangati simungapitilile 95 kapena 96 pelesenti, ameneyo ni wabwino kuphikila pa sitovu ya ethanol koma osamuthila muthanki ya motoka, madzi otsalawo amapatukana ndi petulo nkukhala pansi. Wosakaniza ndi petulo amayamba aumitsidwa ku fakitale ndi timibulu toyamwa madzi.

Pepala lalemba ndi zilembo zazikulu kuti OSAMWA. Thilanimo petulo pang'ono kuti wina asayese mwayi, lembani pachigubu, ikani kutali ndi ana. Moto wake masana suoneka bwino, ndiye tchezelani panja, fodya kutali, mchenga pafupi. Zotsala za chimanga nkhumba zimadya, koma madzi ake osataila mumtsinje amapha nsomba. Ndipo musanapange kapena kugulitsa olo lita imodzi pitani ku ERB (Energy Regulation Board, bungwe loyang'anila za mafuta ndi magetsi mu Zambia) mukafunse za laisensi, ndi ku ZRA (Zambia Revenue Authority) za msonkho wake.