Madzi akumwa pokwera phiri la Mulanje, musanamizike ndi kuyera kwake

Abale amene mukukonza zokayenda masiku atatu kapena anayi pa Mulanje, kuyambira pa Likhubula kukagona ku Chambe kapena ku Lichenya mpaka Chisepo musanakwere Sapitwa, nkhani ya madzi muyiganizire mukadali kunyumba. Simungasenze madzi a ulendo wonse, lita imodzi ndi kilo imodzi ndipo mukamakwera thukuta lili kamukamu malita atatu pa tsiku amatha osadziwa, ndiye mudzatunga m'mitsinje basi.

Madzi a kumtundako ndi oyera mbee, ozizira mpaka mano kuchita dzanzi, ambiri amangomwa choncho. Inenso ndinkatero. Ulendo wina potsika ludzu litandigwira ndinamwa pakamtsinje kena chakumunsi, patatha sabata m'mimba munayamba kubangula, ndikageya fungo ngati dzira lovunda, kuchipatala anati ndi giardia. Tizilombo timeneti simungatione ndi maso, timachokera m'chimbudzi cha anthu ndi nyama chimene mvula yakokololera mumtsinje.

Choyamba sankhani potunga. Madzi oyenda osati odikha, ndipo muzitunga kumtunda kwa hati (nyumba yogonamo okwera phiri) osati kumunsi kumene anthu amatsukira mapoto ndi kusamba. Akakhala amatope asiyeni adikhe kaye kenako muwasefe pa chitenje choyera chopinda kanayi, chifukwa mankhwala sagwira bwino m'madzi akuda.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi kuwiritsa, imapha zonse. Koma awire zenizeni, kubwata kumene, kwa mphindi imodzi. Mukadutsa mamita 2,000 monga ku Chisepo ikhale mphindi zitatu, popeza pamwamba choncho madzi amayamba kubwata ali pa madigiri 93 osati 100 ngati m'mbali mwa nyanja yamchere. Ine ndimawiritsa usiku pa moto wa pa hati tikamaliza kuphika nsima, ndimavundikira poto azizire, m'mawa ndadzaza mabotolo. Amamveka utsi pang'ono koma ndi tiyi simungadziwe.

Masana muli panjira simungasonkhe moto, apa mpamene klorini amathandiza. WaterGuard tonse timamudziwa, kachitsekero kamodzi pa malita 20, n'chifukwa chake amayenera mukakhala gulu muli ndi chidebe. Wa botolo limodzi agule mapiritsi ngati Aquatabs ndipo awerenge papaketi, alipo a lita imodzi alipo a malita 20, musasokoneze chonde. Dikirani mphindi 30, ndipo poti madzi a m'phiri ndi ozizira kwambiri mankhwala amachedwa kugwira, ine ndimadikira ola lathunthu. Dziwaninso kuti klorini sapha kachilombo kotchedwa Cryptosporidium. Kameneka kamakanika kudutsa pa fyuluta yosefera madzi ngati Sawyer ya mabowo aang'ono kwambiri a 0.1 micron, koma fyulutayo ma virus amadutsa, ndiye malo okayikitsa kufupi ndi midzi chitani zonse ziwiri, sefani kenako ponyani piritsi.

Zoyanika botolo la madzi padzuwa maola 6 kuti tizilombo tife zimagwira kunyumba, paphiri chiperoni chikangokuta ndiye zathera pomwepo.

Pali kanthu kena kamene anthu amaiwala, kukamwa kwa botolo. Mwalimiza mumtsinje, madontho osatetezedwa atsalira m'mizere ya chitsekero pamene mlomo wanu ukakhudze. Piritsi likasungunuka masulani chitsekero pang'ono, zondotsani botolo madzi atayikire m'mizeremo, kenako mangani ndi kuyamba kuwerenga nthawi. Madzi otsukira mano akhalenso otetezedwa omwewa.

M'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi ORS. Wina akatsegula m'mimba muli kutali ndipo mapaketiwo atha, thirani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono uku mukukambirana ndi gaidi njira yachidule yotsikira.