Kaphikidwe ka ndiwo zamasamba kosataya michere, ndi zoyenera kudyera limodzi

Masamba sasowa m'makomo mwathu. Chimene chimalakwika n'chakuti timadya ochepa, ongoti nsima idutse pakhosi, ndipo ochepawo timawaphika mpaka michere yake yambiri itatha. Mbale imakhala ndi mitanda itatu ya nsima, pambali pake kansupuni kamodzi ka repu wofiirira amene wabwata theka la ola ndi soda.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Mbatata, mbatatesi ndi chinangwa siziwerengedwa pamenepa, chifukwa zili m'gulu la zakudya zokhutitsa. Kunena mosavuta, ndi kapu imodzi ya masamba ophika masana, ina madzulo, ndi chipatso chimodzi kapena ziwiri pakati pa tsiku. Kumbukirani kuti masamba amafota kwambiri pamoto. Kamtolo kamodzi ka pamsika kamene kamaoneka kokwanira banja la anthu asanu kamangotulutsa ndiwo za anthu awiri. Ngati ndalama yachepa, onjezerani ndi masamba ongomera okha m'munda: chisoso, bonongwe, luni, denje, mwamunaaligone. Amenewa, pamodzi ndi nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa ndi chigwada, ali ndi michere yambiri kuposa kabichi, amene masamba ake am'kati ndi oyera. Tsamba likakhala lobiriwira kwambiri ndiye kuti lili ndi zambiri zimene thupi limasandutsa vitamini A, komanso foleti ndi ayironi, michere yothandiza kupanga magazi.

Kuthyola ndi kutsuka

Thyolani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo tengani nsonga ndi masamba anthete. Tsamba lanthete limapsa msanga, choncho silifuna soda. Phikani tsiku lomwelo. Vitamini C amayamba kutha masamba akangothyoledwa, makamaka akakhala padzuwa. Ngati mwagula ambiri, akulungeni m'nsalu yonyowa n'kuwaika pamthunzi pozizira.

Tsukani musanadule. Ambiri amayamba kuduladula, kenako n'kuviika m'beseni, madzi n'kusanduka obiriwira. Vitamini C ndi foleti zimasungunuka m'madzi, ndiye zimatayidwa limodzi ndi madziwo. Tsukani masamba athunthu kawiri kapena katatu m'madzi oyera, ndipo muziwavuula m'beseni m'malo mokhuthula madzi masamba ali momwemo, kuti mchenga utsalire pansi. Nkhwani yambani mwasadzula. Dulani poto ali kale pamoto, ndipo musadule tinthu ting'onoting'ono kwambiri.

Masamba a m'madimba a m'mbali mwa mitsinje ya m'tauni amathiriridwa ndi madzi amene nthawi zina amakhala ndi zonyansa za m'zimbudzi. Otere ngofunika kuphika ndithu, osadya osaphika, makamaka nyengo ya dzinja pamene kolera amavuta. Amene muli ndi dimba lanu, mukapopera mankhwala a tizilombo dikirani masiku onse amene alembedwa pabotolo musanathyole. Kutsuka sikuchotsa mankhwala onse.

Pamoto

Madzi akhale ochepa: theka la kapu pa masamba odzaza poto wapakati. Yambani mwawiritsa madziwo, kenako ikani masamba, vundikirani. Nthunzi ndiyo imapsetsa. Bonongwe, kholowa, chisoso chanthete ndi nkhwani zimapsa m'mphindi 5 mpaka 8. Repu, mpiru ndi tanaposi zimafuna mphindi 8 mpaka 10. Chizindikiro n'chakuti tsamba lafewa koma likadali lobiriwira. Likayamba kuoneka lofiirira, lapsa mopitirira muyeso. Madzi otsala m'poto musataye, ndiwo msuzi wake.

Luni ndi chisoso chokhwima zimawawa, ndipo ambiri amataya madzi oyamba. Ngati simungapirire kuwawako, fwafwazani mphindi 2 zokha musanataye madziwo. Njira ina yabwinopo ndi kusakaniza luni ndi bonongwe kapena nkhwani, theka ndi theka, n'kutendera. Nsinjiro zimaphimba kuwawa popanda kutaya kanthu.

Nkhani ya soda ndi chidulo njovuta chifukwa anthu anazolowera kukoma kwake. Zonse ziwiri zimafewetsa masamba msanga ndi kuwasiya obiriwira mokongola, koma zimawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, makamaka B1. Kubiriwira kwa ndiwo za soda kumanyenga maso. Masamba anthete safuna soda m'pang'ono pomwe. Therere lobala likakhala lanthete, mukalidula mopyapyala n'kuliphika ndi madzi ochepa uku mukutakasa, limalenda lokha. Ngati pakhomo sakumva za therere lopanda soda, chepetsani mpaka kansonga ka supuni yaing'ono, ndipo lisakhale la tsiku ndi tsiku.

Mafuta pang'ono ngofunika. Vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'thupi popanda mafuta, choncho masamba ongowiritsa ndi mchere amapereka zochepa kuposa zimene ali nazo. Supuni imodzi kapena ziwiri zazikulu za mafuta ophikira zimakwana poto wa banja lonse. Kazingani anyezi mpaka afewe, ikani tomato, kenako masamba, n'kuvundikira. Masamba osambira m'mafuta ndi vuto linanso, makamaka kwa amene akulimbana ndi kunenepa kapena matenda a mtima.

Mchere: WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza zakudya zonse. Timakyubu tokometsera ndiwo tili ndi mchere wambiri kale, ndiye mukaika kamodzi musathirenso mchere wina. Soda nayenso ali ndi sodiyamu, yemweyo wa mu mchere amene amakweza kuthamanga kwa magazi.

Kutendera

Kutendera kumapereka mafuta, mapuloteni ndi mphamvu nthawi imodzi, ndipo ndi njira yabwino kwambiri yophikira masamba imene tili nayo. Pa anthu anayi tengani nkhwani timitolo titatu kapena tinayi, tomato awiri, theka la kapu ya nsinjiro ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Wiritsani theka la kapu ya madzi, ikani nkhwani ndi mchere, vundikirani mphindi 5. Ikani tomato pamwamba. Sungunulani nsinjiro m'theka la kapu ya madzi ozizira mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi, thirani m'poto, chepetsani moto. Vundikirani mphindi 3, kenako takasani, ndipo pitirizani kutakasa mwa apo ndi apo kwa mphindi 7 mpaka 10. Zapsa pamene fungo la mtedza wauwisi latha ndipo timafuta tayamba kuoneka pamwamba.

Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi zitatu. Nsinjiro zikathiridwa zouma m'madzi owira zimapanga mibulu. Moto ukakhala waukulu zimakakamira pansi n'kupserera pamwamba pasanapse. Ndipo zikaphulidwa msanga zimatupitsa mimba, anthu n'kumanamizira masamba. Ndiwo zotendera zimasasa msanga kunja kukatentha, choncho phikani zongokwanira chakudya chimodzi, ndipo zotsala muziwiritsenso mpaka zibwate musanadye.

Mtedza wosinja usankhidwe bwino. Tayani wonse wachuku, wofota, wosintha mtundu, wofumbwa ndi wowawa. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatokisini amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuwiritsa sikumuchotsa. Nsinjiro zogula zosinjasinja n'zovuta kudziwa kuti zachokera ku mtedza wotani. Amene angathe asinje okha, pang'onopang'ono, zokwanira sabata imodzi. Kumene mtedza wadula, nthanga za maungu kapena chitowe zokazinga n'kusinja zimatenderanso bwino.

Chigwada chili ndi lamulo lakelake

Zonse zimene tanena za kuphika mwachangu ndi kuvundikira sizikhudza chigwada. Masamba a chinangwa ali ndi zinthu zimene zimatulutsa poizoni wa sayanayidi, ndipo sayenera kudyedwa osapsa. Tengani masamba anthete, chotsani timitengo, sinjani mumtondo mpaka asalale. Kusinjako n'kumene kumamasula poizoniyo kuti atuluke. Wiritsani m'madzi okwanira kumiza masambawo, poto ali wosavundikira kuti poizoniyo achoke ndi nthunzi, kwa mphindi zosachepera 30 kuyambira pamene ayamba kubwata. Phikirani pamalo podutsa mpweya. Kenako ikani tomato ndi nsinjiro monga mwa masiku onse. Chigwada chosinjidwa bwino chimafewa popanda soda, ndipo ngakhale chitabwata nthawi yaitali chonchi, mapuloteni ake, amene ndi ambiri kuposa a masamba ena, satha onse.

Zodyera limodzi

Ayironi wa m'masamba ndi nyemba salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama. Vitamini C amamuthandiza kulowa, pamene tiyi ndi khofi zimamutsekereza. Ndiye finyirani ndimu pa ndiwo mutaphula, kapena idyani gwafa, lalanje, papaya kapena mango mukangotha kudya, kapenanso imwani madzi a malambe. Tiyi dikirani nayeni ola limodzi kapena awiri. Izi n'zofunika kwambiri kwa atsikana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, amene kuchepa kwa magazi kumawavuta kawirikawiri. Masamba salowa m'malo mwa mapilitsi a ayironi amene amayi apakati amalandira kusikelo.

Masamba okha sakhutitsa ndipo sapereka mapuloteni okwanira. Patsiku lopanda nyama, mbale ikhale ndi theka la kapu mpaka kapu imodzi ya nyemba, nandolo, khobwe, nzama kapena mphodza. Chimanga ndi zamtundu wa nyemba zimakwaniritsana: zomanga thupi zimene zimaperewera mu chimodzi zimapezeka mu chinzake. Nsima ikhale ya mgaiwa nthawi zambiri, chifukwa ufa woyera umataya gaga ndi mtima wa chimanga pokonola ndi poviika. Poyeza mbale, theka likhale masamba, gawo limodzi mwa anayi nsima, lotsalalo nyemba kapena ndiwo ina. Munthu wogwira ntchito yolemetsa kumunda adzafuna nsima yochulukirapo, koma wokhala muofesi tsiku lonse, kapena wodwala shuga, muyeso umenewu ngomuyenera.

Nyemba ziviikeni maola 8 mpaka 12, tayani madziwo, phikani m'madzi atsopano. Zibwate mwamphamvu mphindi 10 zoyambirira, makamaka nyemba zofiira, kenako chepetsani moto mpaka zifewe moti n'kuphwanyika pakati pa zala. Kuviika kumafupikitsa nthawi yophika, kumapulumutsa makala, ndiponso kumachepetsa mpweya m'mimba. Tomato ikani nyemba zitafewa, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa makoko. Amene sanazolowere nyemba tsiku ndi tsiku ayambe ndi masupuni ochepa n'kumaonjezera pa sabata ziwiri kapena zitatu, akumwa madzi okwanira. Chipere, chimene makoko amachotsedwa, chimapepuka m'mimba ndipo n'chabwino kwa ana ndi okalamba. Soya asadyedwe wosakazinga kapena wosawiritsa. M'mawa, futali wa mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni kapena Kadyaubwerere, amapereka vitamini A wambiri pamodzi ndi mafuta a nsinjiro omuthandiza kulowa m'thupi.

Kusiyiratu zanyama zonse ndi nkhani ina. Vitamini B12 sapezeka m'masamba kapena m'nyemba, ndipo akasowa nthawi yaitali magazi amachepa, manja ndi mapazi amachita dzanzi, mitsempha n'kuwonongeka. N'chifukwa chake magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi azaumoyo amaphunzitsa m'Malawi muno ali ndi gulu la zanyama. Sizifuna ndalama zambiri: usipa, matemba, dzira kapena mkaka kangapo pasabata zimathandiza. Usipa wodyedwa ndi minga yomwe umaperekanso kashiamu wolimbitsa mafupa. Amene asankha kusadya chanyama chilichonse ayenera kumwa mapilitsi a B12.

Mwana akakwana miyezi 6, thirani m'phala lake supuni imodzi ya masamba ophika osinjidwa bwino ndi supuni ina ya nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, akupitiriza kuyamwa. Kumupatsa msuzi wokha wa ndiwo n'kumumana chakudya chenicheni.

Anthu ena ayambe afunsa kuchipatala asanachulukitse masamba. Omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi otchedwa warfarin asasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa masamba amene amadya, chifukwa vitamini K wa m'masamba amalimbana ndi mankhwalawo. Ena odwala impso amafunika kuchepetsa potaziyamu, amene ndi wochuluka m'masamba ndi nyemba, ndipo amene anapezekapo ndi timiyala ta mu impso asachulukitse bonongwe. Odwala shuga ndi othamanga magazi asasiye mankhwala poti ayamba kudya bwino.

Mfutso wa m'chilimwe

Mu Febuluwale ndi Malichi chitambe, nkhwani ndi khwanya zimachuluka mpaka kutayika, pamene mu Okutobala masamba amadula. Kufutsa kumathetsa zimenezi, koma kuwiritsa nthawi yaitali n'kuyanika padzuwa lamphamvu kumawononga vitamini A wambiri. Ponyani masamba otsuka m'madzi obwata mphindi 2 kapena 3 zokha, vuulani, tsanulani madzi, yalani mopyapyala pamphasa yoyera kapena m'malichero pathandala, pamthunzi podutsa mphepo. Phimbani ndi kansalu kopyapyala poteteza ntchentche ndi fumbi, muzitembenuza kawiri patsiku, ndipo usiku muzilowetsa m'nyumba chifukwa cha mame. Auma pamene akufumbutuka mukawafinya m'manja. Akangotsala ndi chinyezi pang'ono amachita chuku m'chikwatu.

Sungani m'chikwatu chopachika pamalo ouma, kapena m'chigubu chouma chotseka bwino, kutali ndi kuwala. Pophika, viikani mfutso m'madzi ofunda ochepa kwa mphindi 15 mpaka 20, ndipo phikirani m'madzi omwewo. Mfutso umasunga ayironi, kashiamu ndi mapuloteni, koma vitamini C amakhala atatha, choncho ikani tomato wambiri pophika ndipo finyirani ndimu mukaphula.