Momwe Mungayezere Lilime Pofufuza Matenda a Minofu Otengera Kumtundu

Wodwala akafika kuchipatala akudandaula kufooka kwa miyendo, ambiri timayeza mawondo ndi mikono n'kuiwala kuyang'ana m'kamwa, pomwe lilime nalo ndi mnofu ndipo kuliyeza sikufuna makina.

Yambani ndi kumuuza wodwalayo kuti ayasamule koma asatulutse lilime, chifukwa ngakhale la munthu wathanzi limanjenjemera likatulutsidwa. Liyang'aneni ndi tochi lili chigonere. Khanda lofooka thupi lonse lomwe lilime lake likunjenjemera m'mbali likhoza kukhala ndi matenda a spinal muscular atrophy, omwe amawononga mitsempha yolamulira minofu. Ngati lilime ndi lalikulu, ndipo mtima wa khandalo ndi wokulanso, ganizirani matenda a Pompe, omwe amafooketsa minofu, osaiwala kuti vuto la chithokomiro nalo limakulitsa lilime.

Kenako yezani mphamvu, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Wodwala akankhe tsaya ndi lilime kuchokera m'kati, inu mukukankha ndi chala kunja, mbali zonse ziwiri. Akuluakulu ambiri odwala Pompe amapezeka ndi lilime lofooka ngakhale sanadandaulepo za kumeza kapena kulankhula, choncho musadikire kuti anene okha. Kufooka kumeneku kukaphatikizana ndi kuvutika kudzuka pampando komanso kubanika pogona chagada, musazengereze kumutumiza kuchipatala chachikulu. Matenda a Pompe, omwe dokotala Johannes Pompe wa ku Netherlands anawafotokoza mu 1932, amabwera chifukwa chosowa enzyme (puloteni ya m'thupi) yophwanya glycogen, yemwe ndi shuga wosungidwa m'minofu, ndipo kuyambira 2006 pali mankhwala olowa m'malo mwa enzyme imeneyo. N'zomvetsa chisoni kuti munthu azifooka kwa zaka zambiri ndi nthenda yoti thandizo lake lilipo.

Mukatero, ikani kathabwa koyezera pansi pa lilime lotulutsidwa n'kuligogoda pang'ono pamwamba. Likakungika n'kuchedwa kumasuka, ndi chizindikiro cha myotonic dystrophy, matenda ofooketsa minofu n'kuichedwetsa kumasuka, ndipo wodwala wotere amachedwanso kumasula dzanja mukapatsana moni.

Funsaninso za abale amene anafooka chimodzimodzi kapena ana amene anamwalira ali makhanda. Lembani zonse zomwe mwaona m'kalata yotumizira wodwalayo, popeza lilime limangolozera koyambira, pomwe chotsimikizira ndi kuyeza magazi, komwe pa matenda a Pompe kumatheka ndi kadontho kouma papepala.